Mnzanga watentha thupi mwadzidzidzi usiku uno ndipo akukana kupita kuchipatala

Mnyamata wa ku Chinsapo, 8:52 usiku

Moni nonse akuluakulu a pa gulu lino, ndipo pepani kuti ndakulemberani usiku. Mnzanga amene timachita naye lendi nyumba imodzi kuno ku Chinsapo anapita kuntchito m'mawa ali bwinobwino, koma wabwerako madzulo akudandaula mutu ndi kuphwanya m'thupi, ndipo pofika nthawi ya nsima anali atayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana ngakhale ndinamufunditsa mabulangete. Pano thupi lake latentha kwambiri moti ndikamugwira pamphumi dzanja silikhalitsa, ndipo wasanza kawiri. Masabata awiri apitawo anali kumaliro kwawo ku Nkhotakota, kumene anagona panja pasiwa popanda neti. Iyeyo akuti ndisavutike chifukwa ndi malungo wamba, tidikire kuche. M'nyumba muno muli mapiritsi 8 a LA amene mlongo wake anasiya atabwera kudzacheza chaka chatha. Kodi ndimupatse amenewa, kapena ndichite chiyani? Achibale ake onse ali kutali, ndipo ndalama zimene ndili nazo ndi zochepa poti mwezi sunathe.

Make Chikondi, 8:58 usiku

Pepani kwambiri achimwene. Choyamba muchotseni mabulangetewo ngakhale akulira kuzizidwa, mumusiyire nsalu imodzi yopepuka, kenako muviike kansalu m'madzi ofunda pang'ono n'kumamupukuta pamphumi, m'khosi ndi m'khwapa. Ngati muli ndi Panado mupatseni mapiritsi awiri, ndipo madzi azimwa pang'onopang'ono, osati kapu yonse nthawi imodzi, chifukwa akatero asanzanso. Kunena zoona, munthu wochokera kunyanja m'dzinja muno, atagona panja, n'kuyamba kunjenjemera chotero, ine sindikukayika kuti ndi malungo, ndiye LA ameneyo mukanangomuyambitsa kuti agoneko, mawa n'kukatenga wina kuchipatala.

Namwino wopuma wa ku Zomba, 9:07 usiku

Make Chikondi mwanena bwino za kansalu, madzi ndi Panado, koma pa nkhani ya LA ndisiyana nanu maganizo. Munthu wolemera makilogalamu 35 kapena kuposerapo amafunika mapiritsi 24, anayi m'mawa ndi anayi madzulo kwa masiku atatu, ndiye mapiritsi 8 amenewo ndi a tsiku limodzi lokha. Akawamwa thupi lizizirako, mawa adzuka n'kunena kuti wachira, ulendo wa kuchipatala uthera pomwepo, koma tizilombo totsala m'magazi tidzachulukananso ndipo matendawo adzabwerera munthu ali wofooka kale. Komanso mankhwala amene akhala chaka chathunthu m'nyumba yamalata yotentha sitingawadalire, ndipo munthu amene akusanza sasunga piritsi m'mimba. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti magazi ake sanayezedwe.

Mwana wanga wa ku Chinsapo, ndiyankheni mafunso awa msanga. Kodi mukamulankhula akuyankha zomveka, ndipo akudziwa kumene ali? Kodi akutha kuweramitsa mutu mpaka chibwano kugunda pachifuwa popanda kulira khosi? Kodi maso ake asanduka achikasu, ndipo mkodzo wake uli wotani, makamaka ngati wada ngati tiyi wopanda mkaka? Kodi akupuma mobanika? Ngati amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a BP kapena ma ARV, zimenezo musalembe pa gulu pano, koma muzidziwe inuyo kuti mukanene kuchipatala.

Mphunzitsi wopuma wa ku Ntcheu, 9:15 usiku

Anamwino, ine sinditsutsa chipatala, koma ndifunseko monga munthu wakale. Ife tinakula tikufukiza masamba a bulugamu ndi a mandimu, kwinaku tikumwa nimu wowawa uja, ndipo m'mawa mwake tinkadzuka titapepukidwa. Poti kunja kukugwa mvula ndipo mnyamatayu wanena kuti ndalama zavuta, kodi kungakhale kulakwa kumufukiza mnzakeyo usiku uno kuti atuluke thukuta, ulendo wa kuchipatala n'kukhala wa mbandakucha?

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Salima, 9:24 usiku

Aphunzitsi, funso lanu ndi limene timakumana nalo tsiku ndi tsiku m'midzi, ndiye mwachita bwino kulifunsa poyera. Kufukiza kumatsegula mphuno kwa munthu wachimfine, koma tizilombo ta malungo timakhala m'kati mwa magazi momwe nthunzi sifika. Munthu wachizungulire kumuweramitsa pa mphika wa madzi owira atafunda bulangete ndi kuika moyo wake pachiswe, chifukwa angathe kugwera m'madzimo n'kupsa, ndipo thukuta lochulukalo likamuchotseranso madzi ochepa amene atsala m'thupi atasanza kale. Kupepukidwa kwa m'mawa kuja nakonso kumanamiza, pakuti malungo ali ndi khalidwe lotentha n'kuzizira, n'kudzatenthanso, ndipo anthu ambiri amene amafika mochedwa kuchipatala amakhala atanamizidwa ndi nthawi yozizirayo.

Nkhani ya maliro ija tisaiwale. Kuchokera tsiku limene udzudzu waluma mpaka munthu kuyamba kudwala pamapita sabata imodzi kapena awiri, ndiye masiku akugwirizana ndithu. Maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Nkhotakota, Salima, Nkhata Bay ndi Mangochi ali ndi malungo ambiri, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo, ndipo mtundu wa malungo umene uli ponseponse kuno kwathu ndi uja umatha kufika ku ubongo m'kanthawi kochepa.

Mnyamata wa ku Chinsapo, 9:31 usiku

Zikomo nonse. Khosi akulipinda bwinobwino, ndipo kupuma sikunavute. Maso sindikuwaona bwino chifukwa magetsi azima ndipo ndikuunikira ndi foni, pamene kukodza sanakodze chibwerereni kuntchito. Panado uja wamusanza asanakhalitse. Chimene chikundiopsa n'chakuti wandiitana dzina la mkulu wake amene ali ku Nkhotakota, n'kundifunsa ngati ndakokera bwato kumtunda, pamene tili m'chipinda muno. Ndikamutchula dzina akuyankha, koma akuumirirabe kuti kuchipatala sapita chifukwa mawa akufunika kuntchito.

Namwino wopuma wa ku Zomba, 9:34 usiku

Nyamukani tsopano lino, mwana wanga, musadikire kuche ndipo musamufunsenso ngati akufuna. Kubwebweta ndi kusanza chilichonse chimene wamwa ndi zizindikiro ziwiri za malungo aakulu kapena matenda ena oopsa, ndipo munthu wotere safunikanso mapiritsi koma jakisoni wa mumtsempha wotchedwa artesunate, amene sapezeka pagolosale. Tengani kabuku kake ka kuchipatala ngati mukukaona pafupi, koma ngati kasowa musataye nthawi kukafunafuna. Tenganinso mankhwala onse amene amamwa, chitenje, bulangete, kabeseni kosanziramo, kapu, botolo la madzi ndi chaja ya foni, pakuti n'kutheka kuti akamugoneka.

Mukafika musakakhale chete kumapeto kwa benchi kudikira kuti mzere uyende. Pitani kwa namwino kapena dokotala woyamba amene mumuone, mumupatse moni mwaulemu, ndipo munene mwachidule kuti wodwala wanu watentha thupi kuyambira madzulo, wayamba kubwebweta, akusanza chilichonse, sanakodze, ndipo anali ku Nkhotakota masabata awiri apitawo. Mawu amenewa ogwira ntchito amawadziwa kulemera kwake, ndipo wodwala wotere amaonedwa ena asanaonedwe. Mnzanuyo sangathe kudzifotokozera usiku uno, ndiye pakamwa pake ndinu. Ngati angakomoke kapena kugwa khunyu m'njira, mugonekeni cham'mbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo musamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka.

Wakabaza wa ku Likuni, 9:41 usiku

Achimwene, ine ntchito yanga ndi ya njinga yamoto ndipo odwala ndawanyamulapo ambiri, ndiye ndikuuzeni zoona kuti munthu wobwebweta sakwezedwa yekha kumbuyo, chifukwa amatha kusiya kugwira osadziwa n'kugwera m'matope. Ngati galimoto yasowa, wodwala akhale pakati, inu kumbuyo kwake mutamukumbatira, ndipo mumumange ndi chitenje m'chiuno pamodzi ndi woyendetsa. Koma yambani mwagogoda kwa alandilodi kapena kwa aneba amene ali ndi galimoto, muwauze kuti za mafuta mudzakonza, pakuti pa nkhani ya matenda anthu sakonda kukana ngakhale usiku. Musayende wapansi awiriwiri nthawi ino foni ili m'manja, dzutsani munthu wachitatu. Kuchokera ku Chinsapo chipatala cha mishoni cha Likuni chili pafupi koma n'cholipira, pamene Bwaila ndi Kamuzu Central ndi za boma ndipo zili m'tauni.

Woyang'anira gulu, 9:46 usiku

Nkhani ya ndalama isakuchedwetseni, achimwene. Amene angathe kuthandiza ndi kangachepe ka mafuta kapena ka kuchipatala andilembere kumbali, ndipo ndiwapatsa nambala ya Mpamba kapena Airtel Money ya mnyamatayu, chifukwa manambala sitiika pa gulu. Ndikupemphanso kuti dzina la wodwala ndi chithunzi chake zisaikidwe pano, pakuti iye sanavomere kuti matenda ake awerengedwe ndi gulu lonse.

Mphunzitsi wopuma wa ku Ntcheu, 9:52 usiku

Ndamva, ndipo za bulugamu zija ndazibweza. Koma pali chinthu chimodzi chimene achinyamata a m'tauni amaiwala, ndipo ndikufuna mwana wathuyu achichite ali m'galimoto momwemo. Aimbire amalume a wodwalayo kapena mkulu wake uja wa ku Nkhotakota, awauze kuti mwana wawo wadwala ndipo akupita naye kuchipatala chakuti. Asaope kuwadzutsa. Mnzako ndi mnzako ndithu, koma mwini mbumba ndi amene ayenera kudziwa, chifukwa madokotala akafuna chilolezo cha chinthu chachikulu adzafunsa wachibale, ndipo zinthu zikapanda kuyenda bwino, amene anabisa matenda ndi amene amafunsidwa mafunso ovuta ngakhale anali ndi mtima wabwino.

Mnyamata wa ku Chinsapo, 10:03 usiku

Alandilodi avomera kutitenga pa galimoto yawo ndipo mwana wawo wamkulu akutiperekeza. Amalume ake ndawaimbira, akuti anyamuka ndi minibasi yoyamba. Ndikulemberaninso tikaonana ndi adokotala.

Bambo a Yamikani, 10:20 usiku

Pamene tikudikira uthenga, ndifunseko chinthu chimene chandikhala pamtima. Wodwalayu ndi munthu wamkulu, wogwira ntchito, ndipo wanena yekha kuti sakufuna kupita. Lero zaoneka zosavuta chifukwa wayamba kubwebweta, koma nanga akanakhala kuti akulankhula zomveka n'kumakanabe, kodi mnzake ali ndi mphamvu zomunyamula? Ndikufunsa chifukwa ndinaonapo anthu awiri amene ubwenzi wawo unatha pa nkhani yotereyi, wodwala atakwiya kuti anamutengera kuchipatala cholipira iye asanavomere, n'kumusiyira ngongole.

Dokotala wamng'ono wa ku Mulanje, 10:44 usiku

Bambo a Yamikani, funso lanu ndi lolemera ndipo yankho lake lili pawiri. Munthu amene mutu wake ukugwira bwino, akudziwa kumene ali ndipo akumvetsa zimene zingamuchitikire, ali ndi ufulu wokana, ndipo ngakhale ife kuchipatala sitimubaya jakisoni mokakamiza. Kwa munthu wotere ntchito ya mnzake ndi kufufuza chimene chikumukanitsa, chifukwa mawu akuti ndili bwino kawirikawiri amabisa chifukwa china. Wina akuopa bilu, wina akuopa kuti abwana amudula malipiro a tsikulo, wina akuopa mzere, ndipo ambiri, makamaka abambo, akuopa kuti akawayeza HIV. Mukachidziwa chifukwacho mumatha kuchiyankha: za ndalama mumuuza kuti kuboma kuyeza malungo ndi mankhwala ake n'kwaulere, za kuntchito mumulonjeza kuti muimba ndinu, ndipo za HIV mumuuza kuti amayamba amufotokozera ndipo zotsatira ndi chinsinsi chake. Za chipatala cholipira mwanenazo, n'zoona kuti ngati nthawi ilipo ndi bwino kumufunsa wodwala kapena wachibale musanasankhe. Koma munthu amene akufunsa za bwato ali m'chipinda cha ku Chinsapo, kukana kwake si kwake ayi, akulankhula ndi matenda, ndipo kumumvera pamenepo si ulemu.

Ndionjezerepo za kuyeza magazi, chifukwa ndikuona kuti tonse pa gulu pano tagamula kale kuti ndi malungo. N'kutheka ndithu kuti ndi omwewo, koma anthufe kutentha thupi kulikonse timathamangira ku malungo, pamene pali matenda ena amene amayamba mofanana. Kuyambira mu 2011 zipatala za m'dziko muno zili ndi kachipangizo koyezera malungo pobaya chala, ndipo zotsatira zimatuluka pa mphindi 15 kapena 20. Kakasonyeza kuti malungo palibe, dokotala amayamba kuganizira za chibayo, tayifodi, matenda oumitsa khosi, matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo ngati kutentha thupi kwatenga masabata, chifuwa chachikulu. Tayifodi inachuluka kwambiri mu mzinda wa Blantyre kuyambira cha m'ma 2011, ndipo mu 2023 boma linapereka katemera wake kwa ana osafika zaka 15, koma akuluakulu ambiri sanabayidwe. Matenda amenewa LA sawakhudza n'komwe, ndiye munthu amene wamwa LA kunyumba ali ndi tayifodi kapena matenda oumitsa khosi wataya masiku atatu amene akanamupulumutsa.

Choncho mukaperekeza mnzanu ndipo mwauzidwa kuti malungo sanapezeke, musatuluke mokwiya n'kukagula LA kapena Bactrim kumsika. Funsani adokotala kuti akuganiza kuti ndi chiyani, ndi zizindikiro ziti zimene zikaoneka mubwerere nazo msanga, komanso kuti mubwerenso liti ngati thupi silikuzizira. Mafunso atatu amenewa wodwala yekha sakumbukira kufunsa.

Mlongo wanu wa ku Johannesburg, 11:05 usiku

Ndikutsatira nkhaniyi ndili kuno ku Joni, ndipo ndikufuna kuchenjeza abale amene tili kunja, chifukwa mwezi wa Januwale ndi Febuluwale ndi pamene anthu amene anapita kumudzi pa Khirisimasi amagwa nawo matendawa. Kuno ku Gauteng malungo safala, ndiye namwino wa pakiliniki akaona munthu wotentha thupi ndi wophwanya m'thupi amayamba waganiza za chimfine, pokhapokha wina atanena momveka kuti wodwalayu wangobwera kumene kuchokera ku Malawi kudzera ku Tete ndipo ayezedwe malungo. Woperekeza ndi amene ayenera kunena mawu amenewa, ndipo awanene ngakhale asanafunsidwe. Tisadzinamizenso kuti poti tinakulira kumudzi ndiye kuti malungo tinawazolowera, pakuti munthu akakhala zaka kumalo kopanda malungo, chitetezo chija chimachepa ndipo amadwala kwambiri kuposa abale amene anatsala kumudzi.

Make Chikondi, 11:18 usiku

Ndaphunzirapo zambiri usiku uno. Ndifunseko a Mlangizi: nanga zikachitika kumudzi kwenikweni, kumene kulibe alandilodi a galimoto ndipo chipatala chili kutsidya kwa mtsinje wodzaza, munthu ayambire pati?

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Salima, 11:37 usiku

Amayi, kumudzi woyamba kumudzutsa ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo nambala yake muisunge mu foni kukadali bwino. M'madera ovuta kufika muli timakiliniki ta m'mudzi momwe alangizi amayeza ndi kupereka LA kwa ana osafika zaka zisanu, ndipo mwana wamng'ono akakhala ndi zizindikiro zoopsa amamuika mankhwala a artesunate a kumbuyo kuti apirire ulendo wa kuchipatala. Mankhwala amenewo samaliza matenda, amangogula nthawi, ndiye ulendo uyenera kupitirirabe. Munthu wamkulu sitimupatsa mankhwala kumudzi, koma mlangizi amadziwa woyang'anira chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo ndi kuchipatala chaching'onoko kumene amaitanira ambulansi ya kuboma. Palinso Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chomwe munthu amaimbako mwaulere n'kulandira uphungu, ngakhale kuti foni siyeza magazi.

Za mayendedwe, mudzi uliwonse umadziwa mwini ngolo, mwini njinga yamoto ndi anyamata odziwa powolokera, ndipo anyakwawa akauzidwa kuti pali matenda anthu amadzuka. Chimene chimapha anthu ambiri si mtunda wokha, koma maola amene amatha abale akukambirana ngati apite lero kapena mawa. Mayi woyembekezera ndi mwana wakhanda wosafika miyezi iwiri akatentha thupi, pamenepo palibenso zokambirana, ngakhale akuoneka kuti ali ndi mphamvu.

Mnyamata wa ku Chinsapo, 5:48 m'mawa

Mwadzuka bwanji nonse. Tinafika bwino, ndipo nditanena mawu amene Anamwino anandiuza, anatilowetsa nthawi yomweyo. Atamubaya chala anapeza malungo, anayezanso shuga n'kupeza kuti watsika, ndiye anamuika dripi ndi kumubaya jakisoni wa mumtsempha. Amugoneka ku wodi ya abambo. Cha m'ma 4 koloko anadzuka n'kundizindikira, ndipo chinthu choyamba chimene anafunsa n'chakuti tafika bwanji kuno, za bwato zija sakuzikumbukira n'komwe. Ndikuthokoza onse amene munatumiza thandizo kudzera kwa Woyang'anira gulu. Tsopano ndikufuna kudziwa zimene gadiyani amayenera kuchita, chifukwa amalume ake afika masana, komanso ngati ineyo ndingatengere matendawa poti ndakhala ndikumupukuta masanzi ndipo timadyera mbale imodzi.

Namwino wopuma wa ku Zomba, 6:20 m'mawa

Tithokoze Mulungu, ndipo mwagwira ntchito, mwana wanga. Malungo satengerana pa mbale, pa masanzi kapena pogona chipinda chimodzi, amadutsa makamaka mwa udzudzu, ndiye sambani m'manja ndi sopo monga mwa nthawi zonse ndipo mukabwerera kunyumba nonse awiri muzigona mu neti. Inuyo mukadzamva kutentha thupi mukayezetse, koma musamwe mankhwala pongoopa.

Jakisoni amene wabayidwayo sabayidwa kamodzi. Wachiwiri amabwera pakatha maola 12, wachitatu pakatha maola 24 kuchokera pa woyamba, ndiye lembani nthawi imene anabayidwa usiku ndipo ikamayandikira mukumbutse anamwino mwaulemu, chifukwa wodi imakhala ndi odwala ambiri pa namwino mmodzi. Muziona ngati akukodza ndi mtundu wa mkodzowo, ngati dripi yaima kapena dzanja latupa pamene pali singano, ndipo akayambanso kusokoneza mawu kapena kugona tulo tosadzutsika, itanani msanga. Akayamba kumwa osasanza mupatseni phala lothira nsinjiro, tiyi wa shuga, thobwa kapena Thanzi, pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi potuluka. Akamaliza majakisoni adzamupatsa LA wathunthu wa masiku atatu, ndipo poti adzakhala akumva bwino, adzafuna kusiyira panjira. Muime naye mpaka piritsi lomaliza. Akamwa anayi oyamba, anayi achiwiri amwe pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatirawo, ndipo azimwera chakudya cha mafuta pang'ono monga mkaka, chiponde kapena phala la nsinjiro, pakuti mankhwalawa salowa bwino m'magazi pamimba yopanda kanthu. Akasanza pasanathe theka la ola, amwenso ena ndipo mukapemphe owonjezera. Ine ndinali pa ntchito pamene tinasiya chloroquine mu 1993 chifukwa anali atasiya kugwira, ndinaliponso pamene Fansidar analowedwa m'malo ndi LA mu 2007 pa chifukwa chomwecho, ndiye ndikaona mapiritsi otsala m'kabati mtima umandiwawa, chifukwa kumwa mankhwala mwatheka ndi njira imodzi imene tizilombo timawazolowerera.

Bambo a Yamikani, 6:41 m'mawa

Anamwino, nanga akamaliza mankhwala n'koyenera kuti akayezetsenso kuti atsimikize kuti achira? Ndikufunsa chifukwa mkazi wanga anayezetsanso patangopita sabata atamaliza LA, kachipangizo kaja kanasonyezabe malungo pamene iye anali bwinobwino, ndipo tinasokonezeka.

Dokotala wamng'ono wa ku Mulanje, 7:02 m'mawa

Ndiyankheko ineyo, Bambo a Yamikani. Kachipangizo ka pachala kaja sikaona tizilombo tamoyo, kamaona zotsalira zake m'magazi, ndipo zimenezi zimatha kukhalamo masabata angapo munthu atachira kale. N'chifukwa chake munthu amene wamaliza mankhwala ndipo akupeza bwino safunika kuyezetsanso. Koma thupi likatenthanso pasanathe mwezi, apite kuchipatala ndi kabuku kake, anene kuti wangomaliza kumene LA, ndipo magazi ake akaonedwe pa maikulosikopu kuti zidziwike ngati tizilombo tilipodi.

Kwa achimwene a ku Chinsapo ndionjezere ziwiri. Munthu amene wadwala malungo aakulu amatha kuchepa magazi ngakhale patapita sabata imodzi mpaka atatu atatuluka, ndiye mukadzaona kuti zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera, akutopa poyenda mtunda waufupi, mtima ukugunda kwambiri kapena mkodzo wada, mubwerere naye osadikira tsiku limene analemberedwa. Zimenezi muwafotokozerenso amalume akafika, pamodzi ndi nthawi ya jakisoni wotsatira, musanapite kukapuma. Chachiwiri ndi cha kuntchito kumene mnzanuyo amadera nkhawa usiku: imbirani abwana ake m'mawa uno muwauze kuti wagonekedwa, ndipo kalata ya adokotala yonena masiku opuma muipemphe pa tsiku lotuluka, asanachoke mu wodi, chifukwa mukakaikumbukira muli kunyumba mudzayenera kubwerera n'kuyambanso mzere.